Omvera: Mawu Amene Asenza Moyo wa Zoimbira Zamakolo

Msewu wochoka mumzinda wa Tete kupita kuchipata cha Cassacatiza, pamalire a Mozambique ndi Zambia, umadutsa m'boma la Chifunde. Anthu ambiri a m'bomali, kaya ndi ku Mualadzi, ku Nsadzu kapena ku Chifunde kwenikweniko, ndi Achewa, ndipo chinenero chawo ndi chomwechi chimene m'mabuku a boma la Mozambique chimalembedwa kuti Cinyanja. Ana akapita kusukulu amakakumana ndi Chipwitikizi, mmene khamu losonkhana pamalo oimbira limatchedwa público, kutanthauza gulu la anthu. Ife timati omvera, ndipo mawu athuwa amatchula ntchito imene anthuwo abwerera. Ndikufuna tiwafukule pamodzi ndi abale ake, chifukwa m'menemo muli yankho la funso limene limandisowetsa mtendere: bwanji ng'oma zikulirabe m'midzi yathu, pomwe kalimba, bangwe ndi kaligo zikunka zizimirira?

Tsinde la omvera ndi -mva. Ndi kamneni kakafupi koma ntchito yake ndi yaikulu. Timamva ndi khutu, inde, komanso timamva njala, timamva kuzizira, timamva fungo la nsima yopserera, timamva mchere m'ndiwo, timamva chisoni. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo apa palibe khutu limene lagwira ntchito. Amatinso wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Kumva koyambako ndi kolandira malangizo, kwachiwiriko ndi kwa ululu. Tsono Mchewa akati nyimbo ija ndaimva, akunena kuti yalowa m'khutu, yafika mumtima, ndipo wadziwa chimene ikutanthauza.

Tikati kumvera, kachidutswa ka -er- kamalozetsa kumvako kwa munthu wina, n'chifukwa chake mwana womvera ndi amene amachita zimene makolo anena. Kumvetsera ndi kutchera khutu mwadala, osafuna kuphonya kanthu. Kumvetsa ndi kufika pagwero la nkhani. Kumvana ndi kugwirizana, ndipo zingwe za bangwe zikakungidwa bwino timati zikumvana. Palinso kumveka. Ng'oma imamveka kutali, komanso munthu wotchuka timati ndi womveka. Apa chinenero chaulula poyera kuti woimba sadzipatsa yekha mbiri. Luso lake lingakule bwanji, kumveka kwake kuli m'manja mwa anthu amene amamumva.

Kumbali ya woimbayo kuli mneni -imba, wakale kwambiri, wopezeka m'zinenero zambiri za Chibantu. Aswahili amati kuimba, nyimbo imodzi n'kuitcha wimbo. Abemba amati ukwimba ndi ulwimbo. Kwa ife kuimba sikusiyanitsa pakhosi ndi dzanja. Timaimba nyimbo, timaimba ng'oma, timaimba belu, masiku ano timaimbanso foni. Chipwitikizi chimagawa pawiri, cantar kwa woimba ndi mawu ndi tocar kwa woimba ndi chida, koma makolo athu sanaone chifukwa chogawira, poti woimba bangwe amaimbanso ndi pakamwa, zala ndi mawu n'kumayankhana. Choimbiracho chikakhudzidwa timati chikulira. Mwana amalira, mbalame imalira, ng'oma imalira, ndipo mwini ng'oma amailiza. Mawu akuti maliro amachokera patsinde lomweli, moti pamaliro a mfumu anthu amalira, ng'oma nazo zimalira, mneni ali mmodzi. Cholira chilichonse chimakhala chikuitana wina kuti amve.

Tione tsopano dzina la kalimba. Ka- ndi chizindikiro cha chinthu chaching'ono, monga m'mawu akuti kamwana ndi kambuzi. Chotsalacho ndi -limba, chimene timachipezanso mu ulimba ndi valimba ya Asena a kunsi kwa Shire ndi Zambezi, mu limba la kutchalitchi, ndiponso, r atalowa m'malo mwa l, mu marimba amene lero amaimbidwa mpaka ku Guatemala ndi Mexico. Zonsezi ndi zoimbira za mawu oyalidwa pamzere, thabwa lililonse kapena kachitsulo kalikonse kali ndi liwu lakelake. Kalimba ndiye mng'ono m'banjali, wokwana m'manja awiri.

Kapangidwe kake kamafuna mmisiri wodekha. Amasema kathabwa ka mtengo wolimba ngati mlombwa, n'kusula tizitsulo, kale tochokera m'ng'anjo, lero tochokera ku masipoko a njinga kapena misomali, mpaka nsonga zake zipyapyale. Akatiyala pakathabwa paja amatipanikiza ndi kamtanda, kenako amayamba kukankha kamodzikamodzi, kutsogolo kapena kumbuyo, uku akumvetsera. Kachitsulo katali kamatulutsa mawu aakulu, kakafupi mawu aang'ono. Kuti liwu likule amaika kalimba m'chigubu, ndipo m'mbali mwake amamangirira tizigoba ta nkhono kapena zitsekerero za mabotolo kuti zizinthunthumira limodzi ndi nyimbo. Woimba amaliza ndi zala zamanthu, mutu atauweramitsa pang'ono, mawu ake akutuluka chapansipansi.

Kufatsa kumeneku n'kwakale. Wansembe wa Chipwitikizi João dos Santos, amene anafika ku Sofala mu 1586 ndipo anakhalakonso ku Tete, analemba za choimbira cha tizitsulo chotchedwa ambira m'buku lake la Ethiopia Oriental, losindikizidwa mu 1609. Iye anaona kuti chinkaimbidwa m'nyumba ya mfumu chifukwa mawu ake ngofatsa. Patapita zaka mazana atatu ndi theka, Jege Tapera anatenga maimbidwe a karimba a kuchigawo cha Tete n'kukawaphunzitsa pasukulu ya Kwanongoma ku Bulawayo, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Mmodzi mwa amene anaphunzira pasukuluyi, Dumisani Maraire, anapita ku yunivesite ya Washington mumzinda wa Seattle mu 1968, ndipo choimbira cha m'chigwa cha Zambezi chinapeza ophunzira ku America. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, anayamba kupanga zoimbira zogulitsa pansi pa dzina lomweli la kalimba, ndipo Maurice White wa gulu la Earth, Wind & Fire anachititsa kuti liwu lake limveke m'mayiko ambiri. Koma kalimba ka Tracey mawu ake anayalidwa motsata do-re-mi ya Azungu, tizigoba tonthunthumira tija tinasiyidwa. Choimbira chimatsata omvera, ndipo omvera atsopano amachisintha kuti chigwirizane ndi khutu lawo. Tikaleka kumvera ife, kalimba kadzakhalapobe padziko, koma kadzalankhula chinenero cha eni makutu enawo.

Anzake a kalimba nawo ndi ofatsa. Bangwe ndi thabwa lokungidwa zingwe, nthawi zambiri zisanu ndi ziwiri, lolowetsedwa m'chigubu kapena m'chitini kuti mawu akule. Kaligo kali ndi chingwe chimodzi chokha chokwechedwa ndi kauta. Nkangala ndi uta wa bango umene amayi amautsamiritsa pakamwa pouimba, ndipo dzinali linabwera ndi Angoni, pakuti Azulu amati umqangala. Zoimbira zimenezi malo ake anali pakhonde madzulo, pamowa, paulendo wautali wapansi. Woimba bangwe ankathiramo nkhani za m'mudzi, za mkamwini waulesi, za mwamuna amene anathawa chibalo cha Apwitikizi n'kukatchona ku Halale. Omvera ake anali ochepa, mwina banja limodzi ndi anansi, ndipo malo ang'onoang'ono amenewa ndi amene lero alowedwa ndi wailesi, foni ndi sipika yotchajira kudzuwa. Nkhalamba yodziwa bangwe ikhoza kukhalapo, koma ikaona kuti palibe wokhala pansi kuti amve, imakoleka bangwe kudenga, ndipo mwana amene akanaphunzira samuona n'komwe akulira.

Ng'oma nkhani yake ndi ina, chifukwa ili ndi bwalo. Gule asanatuluke, anyamata amasonkha moto wa udzu pambali n'kuwamba ng'oma. Amaiyandikiza kumoto, kuigogoda ndi chala, kuiyandikizanso, mpaka chikopa chikungike bwino. Pakati pa ng'oma ya mbalule amamatapo phula kuti liwu lake linenepe. Mpanje ndi gunda zikagwira mayendedwe, woimba mbalule maso ake sawachotsa pamapazi a wovina, poti ng'oma imeneyi ndi imene imalankhula naye. Amayi aima mbali imodzi, m'manja mukuombedwa. Mmodzi akaponya nyimbo, onse amavomera.

Kuvomera ndi mawu omwe aja timanena pamlandu ndi paukwati. Wovomera mlandu wausenza, wovomera mwamuna wadzipereka, ndipo wovomera nyimbo wailandira kuti ikhale yakenso. Nyimbo yosavomeredwa imafera pakamwa pa woyambitsa. Ena amathira mang'ombe, ena amaimba nthungululu pamene wovina wachita chometa ndi nkhwangwa. Anansi athu Anyungwe, kufupi ndi mzinda wa Tete, anafikitsa mfundo imeneyi patali pa gule wawo wa nyanga, amene Andrew Tracey analemba nkhani yake mu 1971. Dzinali ndi nyanga yomweyi ya nyama, ngakhale zitolirozo ndi za bango kapena nsungwi. Munthu aliyense amagwira zitoliro zochepa zokha, amaliza liwu lake pamene mnzake wasiya mpata, uku akuvina mozungulira, moti nyimbo yathunthu palibe amene ali nayo payekha. Pamenepo woimba wosamvera anzake amaononga zonse.

Pabwalo palinso kufupa, kumene ena amati kusupa. Wina amatuluka m'khamu n'kukaponya ndalama patsogolo pa wovina kapena pafupi ndi woimba ng'oma. Mfupo umasiyana ndi malipiro. Malipiro amakambidwa ntchito isanayambe, pomwe mfupo umabwera gule ali mkati, pamaso pa anthu onse, ndipo wofupayo amakhala akulengeza kuti ichi chandifika pamtima. Wovina amadziwa nthawi yomweyo sitepe imene yakondweretsa anthu, ndipo mnyamata amene akuonerera amadziwa chimene ayenera kuphunzira.

Mneni -vina nawonso uli ndi chotiuza. Kuvina ndi kuvina, kuvinira ndi kuvinira wina, koma kuvinidwa ndi kulowa m'chinamwali n'kutulukamo munthu wamkulu. Kwa Achewa munthu amakula povinidwa, ndipo n'chifukwa chake ng'oma sinasowe ntchito. Amishonale ndi atsamunda analimbana ndi Nyau; boma limene linalowa mu 1975 nalo poyamba silinkaona bwino miyambo yambiri ya makolo; nkhondo imene inatha mu 1992 inabalalitsa anthu a kumpoto kwa Tete kupita ku Malawi ndi ku Zambia. Gule wamkulu anapyola zonsezi chifukwa maliro, chinamwali ndi kulonga ufumu sizinaleke kumufuna. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ndi chuma cha anthu onse a padziko, chaka chomwecho chimene linalemekezanso timbila ya Achopi a ku Inhambane. Chakumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa a m'mayiko atatuwa amakumana ku Mkaika m'boma la Katete pamwambo wa Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi, amene likulu lake lakale, Mano, linali mbali ya Mozambique, kumpoto kwa Zambezi. UNESCO inabwera itapeza bwalo lili lodzaza kale. Ovomera ndi ofupa ndi amene anasunga ng'oma.

Pali ntchito ina ya omvera imene timaiiwala, yomwe m'manyuzipepala ndi kusukulu timaitcha kuunika. Mawuwa ndi abale ndi muuni, udzu woyatsa umene munthu amayenda nawo usiku. Wounika amabweretsa kuwala kuti chobisika chioneke, chabwino ndi cholakwika chomwe. Wonyoza safuna kuti woimba akule, ndipo wongotama chilichonse samuthandizanso. Wounika amadzudzula pofuna kukonza, ndipo akayamikira amatchula chimene wayamikiracho. Tikati nyimbo ndi yokoma timabwereka mawu a lilime, ndipo lilime limadziwa kukoma chifukwa linalawapo zambiri. Pabwalo ounika alipo ambiri. Ng'oma ikazizira wovina amaima n'kuloza woimba, nyimbo ikalakwika amayi amafooketsa m'manja, ndipo mawa lake nkhani imakambidwa pachitsime. Koma ndi angati lero amene angamve kalimba n'kuzindikira kuti kachitsulo kena katsika, kapena kuti woimba bangwe uyu wapotoza nyimbo ya makolo mwaluso? Luso lopanda wolizindikira limafota msanga kuposa luso losowa ndalama.

Anthu a ku Sweden anakumana ndi vuto lofananalo. Ali ndi choimbira chakale chotchedwa nyckelharpa, chokwechedwa ndi kauta ngati kaligo, koma chokhala ndi zingwe zambiri ndi timakiyi tamatabwa. Nyckel m'chinenero chawo ndi kiyi. Chapakati pa zaka za m'ma 1900 oimba ake anali owerengeka, ambiri a m'chigawo cha Uppland. Chimene chinawathandiza n'chakuti anali atakonza kale njira yomvetsera ndi kuunika. Mu 1906 katswiri wojambula zithunzi Anders Zorn anakonza mpikisano wa oimba zamakolo ku Gesunda m'chigawo cha Dalarna. Kuyambira 1933 oimba amakaonekera pamaso pa akatswiri odziwa maimbidwe a zigawo zosiyanasiyana, ndipo wopambana amalandira baji yotchedwa Zornmärket. Wolandira yasiliva amatchedwa riksspelman, woimba wa dziko lonse. Eric Sahlström, amene anabadwa mu 1912 n'kumwalira mu 1986, anakonza nyckelharpa, anaiimba pawailesi ndipo anaphunzitsa ena. M'zaka za m'ma 1970 anthu wamba anayamba kusonkhana pamaphunziro opanga okha choimbirachi. Lero chimaimbidwa m'mayiko ambiri, magulu ngati Väsen anachiimbapo pamodzi ndi gitala, ndipo mu 2023 UNESCO inaika ntchito yosunga nyckelharpa pamndandanda wa zitsanzo zabwino zotetezera chikhalidwe. Baji yawo ija ndi mfupo, ndipo akatswiri awo aja ndi ounika. Ife zinthu ziwirizi tili nazo kuyambira kale, kungoti tinazisiyira ng'oma yokha.

Kusakaniza zakale ndi zatsopano sindikuopa. Madalitso Band ya ku Lilongwe ndi Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni, choimbira cha chingwe chimodzi chopangidwa pamanja, ndipo afika nacho ku Ulaya. Mnyamata wa ku Mualadzi amene amapanga nyimbo pakompyuta akhoza kuthiramo kalimba, ndipo zingakome. Koma wosakaniza ayenera kudziwa chimene akusakanizacho, ndipo omvera ayenera kutha kusiyanitsa kalimba koimbidwa ndi zala za munthu wodziwa ndi kaliwu kongotengedwa pamakina. Zimene Hugh Tracey anajambula kwa oimba a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku yunivesite ya Rhodes mumzinda wa Makhanda ku South Africa. N'zabwino kuti zinasungidwa, komabe chojambulidwa sichivomeredwa, sichifupidwa, ndipo sichingagwire dzanja la mwana n'kuliika pachingwe choyenera.

Mipata yokonzera zinthu ilipo. Kuyambira 2004 maphunziro a pulaimale ku Mozambique anapatula magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira kuti ana aziphunzira za kwawo, ndipo mphunzitsi wa ku Nsadzu ali ndi ufulu woitana woimba bangwe m'kalasi. Rádio Moçambique ku Tete imaulutsa mawu m'Chinyanja, ndipo ikhoza kupereka nthawi kwa oimba amenewa pamodzi ndi akulu odziwa kuunika maimbidwe awo. Mafumu akamakonza zochitika za m'mudzi akhoza kulamula kuti ng'oma zisanawambidwe, bwalo likhale chete kwa kanthawi kuti kaligo kamveke. Koma ntchito yaikulu ili kwa inu ndi ine. Ngati pamudzi panu pali mkulu amene akusungabe kalimba kapena bangwe, musadikire kuti alendo ochokera kutali adzamujambule. Muitaneni madzulo, zimitsani sipika, mumvetsereni, muvomereni nyimbo yake, mufupeni pamaso pa ana, ndipo mwana mmodzi akhale pafupi kuti aone kayendedwe ka zala. Choimbira chimene chili ndi omvera sichifa.